Opaleshoni ya glaucoma mukadali wachinyamata: zoyenera kuchita

Kwa Likoswe ku Chiradzulu, munthu akamva za khungu amaganiza za agogo a ng'ala. Koma glaucoma sidikira imvi. Mwa anthu akuda nthendayi imayamba msanga ndipo imawononga mofulumira, moti mnyamata wa kabaza kapena mayi wa mwana kumsana angakhale nayo osadziwa. M'diso mumapangidwa madzi nthawi zonse, ndipo amatulukira m'tinjira ting'onoting'ono. Tinjirati tikatsekeka, pulesha ya m'diso imakwera n'kumapha pang'onopang'ono mtsempha wolumikiza diso ndi ubongo. Kawirikawiri diso siliwawa. Kuona kumayamba kutha m'mbali, ndipo chomwe chatha sichibwerera.

Choyamba, kayezetseni mokwanira. Yambirani pafupi, ku St Joseph's ku Nguludi kapena kuchipatala cha boma cha Chiradzulu, ndipo akakayikira glaucoma pemphani kalata yopita nayo ku Lions Sight First Eye Hospital, ku Gulupu ku Blantyre. Kumeneko ayeze pulesha, aone mtsempha wa kuseri kwa diso, ayezenso kuti m'mbali mukuona mpaka pati. Pulesha ya diso labwino nthawi zambiri imakhala pakati pa 10 ndi 21. Yanu ailembe m'buku lanu la kuchipatala ulendo uliwonse. Musabise kanthu: ngati diso linamenyedwapo ndi mwala, chibakera kapena chitsononkho cha chimanga, nenani, ngakhale papita zaka. Ngati bambo, mayi kapena malume anachita khungu asanakalambe, nenani. Makamaka nenani ngati mwakhala mukugula nokha mankhwala odontheza m'maso a dexamethasone kapena betamethasone chifukwa cha kuyabwa kwa maso. Mankhwala amenewa amaziziritsadi maso, koma mukawagwiritsa ntchito miyezi yambiri popanda dokotala amakweza pulesha, ndipo achinyamata ena ataya nawo maso.

Chachiwiri, mvetsani chifukwa chake dokotala akutchula opaleshoni pomwe inu mukuonabe. Apa ndi pamene ambiri amabwerera m'mbuyo. Mankhwala odontheza, monga timolol, amatsitsa pulesha pokhapokha mukudontheza tsiku ndi tsiku. Munthu wa zaka 28 ndiye kuti adzadontheza kwa zaka 40 kapena kuposa, osadumphitsa, kuphatikizapo miyezi yomwe mankhwala asowa kuchipatala ndipo m'thumba mulibe kanthu. Komanso mwa achinyamata pulesha imatha kukwera kwambiri mwakuti mankhwala okha amalephera. Palinso njira ya laser yotchedwa SLT: kafukufuku wa ku KCMC ku Moshi, ku Tanzania, yemwe anatuluka mu 2021, anapeza kuti patatha chaka njirayi inathandiza odwala ambiri kuposa timolol. Funsani ngati ilipo komanso ngati ikuyenera diso lanu. Koma dokotala akati mtsempha ukutha ndipo mpofunika opaleshoni, ine ndikuti musadikire kuti diso liyambe lazimiratu. Opaleshoniyi imateteza kuona komwe kwatsala. Sibweza komwe kwapita, ndipo m'menemo ndi momwe imasiyanirana ndi ya ng'ala.

Chachitatu, dziwani zomwe akachite. Opaleshoni yodziwika kwambiri ndi trabeculectomy, yomwe madokotala akhala akuchita kuyambira 1968. Amatsegula kanjira katsopano kumtunda kwa diso, pansi pa chikope, kuti madzi azituluka n'kulowa m'thupi. Sachotsa diso. Nthawi zambiri amangobaya jakisoni wochititsa dzanzi, inu muli maso, ndipo amachita diso limodzi kaye. Vuto la wachinyamata ndi lakuti thupi lake limapola msanga, ndipo chipsera chingatseke kanjira kaja. N'chifukwa chake madokotala amaikapo mankhwala ochepetsa chipsera, mitomycin C kapena 5-fluorouracil. Funsaninso za zovuta zake: pulesha ingatsike mopitirira, tizilombo tingalowe m'diso, ng'ala ingabwere msanga, ndipo ena amafunikabe mankhwala odontheza kapena opaleshoni ina. Musasaine musanamvetse.

Chachinayi, konzekerani kunyumba. Pezani wokuperekezani, ndipo sungani ndalama ya minibasi ya maulendo angapo, osati umodzi wokha. Gwirizanani ndi abale za amene akugwirireni khasu, kutunga madzi kapena kuyendetsa njinga ya kabaza kwa milungu ingapo. Uzani dokotala ngati muli ndi mphumu, matenda a mtima kapena a shuga, ngati muli oyembekezera, komanso mankhwala onse omwe mukumwa. Mankhwala odontheza omwe munapatsidwa kale musasiye mpaka atakuuzani.

Chachisanu ndicho chachikulu, ndipo ndi pomwe opaleshoni zambiri zabwino zimaonongekera: milungu yoyambirira mutatuluka. Diso lidzaona mwachimbuuzi kwa masiku kapena milungu, mwina kuposa kale. Musataye mtima, n'zoyembekezeka. Adzakupatsani mankhwala atsopano odontheza, ena kangapo pa tsiku kwa miyezi iwiri kapena itatu. Ena mwa iwo ndi a gulu la dexamethasone lija ndakuchenjezani, koma tsopano ali ndi ntchito yoletsa chipsera ndipo dokotala akuyang'anira, choncho musawasiye chifukwa diso layera. Sambani m'manja ndi sopo musanadontheze, ndipo kamwa la botolo lisakhudze diso. Diso lomwe silinachitidwe opaleshoni lipitirize mankhwala ake akale. Usiku valani chotchingira chomwe akupatsani kuti musalitikite muli m'tulo. Pewani kulima, kusenza katundu wolemera, kuwerama nthawi yaitali, utsi wa nkhuni, fumbi ndi kusamba kumtsinje mpaka dokotala atakulolani. M'disomo musalowe china chilichonse, kaya ndi madzi a masamba, mkaka wa m'mawere kapena mankhwala a mnzanu.

Tsiku lomwe akulemberani kuti mubwerenso lisaphonyedwe, ngakhale mukumva bwino. Pa maulendo amenewa ndi pomwe dokotala amaona ngati kanjira kakutsekeka, n'kumasula ulusi womwe anasokera kapena kubayanso mankhwala ochepetsa chipsera nthawi ikadalipo. Munthu amene wabwera patapita miyezi itatu amapeza mwayi umenewu utadutsa.

Diso lochitidwa opaleshoni likafiira mwadzidzidzi, likayamba kupweteka kwambiri, kutulutsa mafinya kapena kuona kukatsika, pitani kuchipatala cha maso tsiku lomwelo. Chitani zimenezi ngakhale patapita zaka, chifukwa tizilombo tingalowere pa kanjira kaja nthawi iliyonse. Zonse zikayenda bwino, muzikayezetsabe pulesha moyo wanu wonse monga momwe akuuzirani.

Pomaliza, glaucoma imayenda m'magazi, makamaka ikayamba munthu ali wamng'ono. Achimwene, achemwali, makolo ndi ana anu ali pa chiopsezo chachikulu kuposa anthu ena, ngakhale akuona bwinobwino. Ulendo wanu wotsatira wa ku Gulupu, tengani m'bale mmodzi akayezedwe.