PHUNZIRO: KUWERENGERA NDALAMA ZA ULENDO WOKWERA PHIRI LA MULANJE

Chaka ndi chaka, mvula ikatha ndipo udzu ukayamba kuuma, magulu a achinyamata, ana a sukulu pamodzi ndi aphunzitsi awo, ndiponso alendo ochokera ku maiko akutali, amanka ku Mulanje kukakwera phiri. Ena amatha masiku atatu, ena asanu kapena kuposapo, akuyenda usana ndi kugona m'nyumba za pamwamba. Ambiri mwa iwo amakonzeratu miyendo ndi nsapato, koma ndi owerengeka okha amene amakhala pansi ndi pepala kuti awerengere ndalama. Tsono ndalamazo zikaperewera anthu ali kale m'phiri, amene amalipa kusasamalako ndi wonyamula katundu, pakuti amamdula malipiro. Kapena woyenda mwini wake, pakuti amabweza munthu wodziwa njira nayika moyo wake pa chiswe. Phunziro lino likuonetsa m'mene ndalama za ulendo wotere ziyenera kuwerengedwera munthu asanachoke pakhomo.

1. Phiri lake ndi lotani

Phiri la Mulanje lili m'maboma a Mulanje ndi Phalombe, pafupifupi makilomita 65 kum'mawa kwa mzinda wa Blantyre. Nsonga yake yotchedwa Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo palibe malo ena m'Malawi okwera kuposa pamenepo. Boma lidaika phirili kuti likhale nkhalango yotetezedwa m'chaka cha 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO lidalilemba m'kaundula wa malo amene ali chuma cha dziko lonse lapansi. Popeza ndi nkhalango yotetezedwa, wolowamo amalipira, ndipo wogonamo amalipiranso.

Pamwamba pa phiri pali zidikha za udzu, pa msinkhu wa mamita ngati 2,000, ndipo m'zidikha zimenezo ndimo muli nyumba zogonamo apaulendo, monga Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Sombani ndi Minunu. Pa nyumba iliyonse pamakhala mlonda wosamala malowo, amene amathandiza alendo ndi nkhuni ndi madzi. Koma kumeneko kulibe msika, kulibe chigayo, kulibe banki. Ndipo lamya ya m'manja imagwira pena, pena osagwira. Chimene munthu waiwala kumunsi, wachiiwala mpaka tsiku lotsika. Ichi ndicho chifukwa chake kuwerengera kwa ulendo wa m'phiri kuyenera kukhala kosamala kuposa kwa ulendo wa ku tauni.

2. Poyambira ndi masiku ndi mitu ya anthu

Wowerengera wanzeru sayamba ndi funso lakuti, ulendowu udya ndalama zingati? Amayamba wafunsa kuti, oyenda ndi angati, ndipo ayenda masiku angati? Pakuti pafupifupi zolipira zonse za m'phiri zimawerengedwa pa munthu ndi pa tsiku.

Mwachitsanzo, gulu la anthu 6 lofuna kufika pa Sapitwa lingathe kuyenda motere. Tsiku loyamba lichoka ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya za nkhalango, ndi kukwera mpaka ku nyumba ya Chambe, ulendo wa maola 3 kapena 4. Tsiku lachiwiri lichoka ku Chambe kunka ku Chisepo, m'tsinde mwa Sapitwa. Tsiku lachitatu lilawirira kukwera nsongayo ndi kubwerera kudzagona ku Chisepo komweko. Tsiku lachinayi ndilo lotsika. Amenewa ndi masiku 4 oyenda, ndi kugona katatu.

Pamenepo masamu ake savuta. Anthu 6 ogona katatu alipira malo ogona 18. Namulondola, ndiye kuti munthu wodziwa njira, agwira ntchito masiku 4. Muyeso wozolowereka wa katundu wa wonyamula mmodzi ndi makilogalamu 18. Choncho ngati katundu amene eni ulendo sangathe kusenza okha akwana makilogalamu 54, pafunika onyamula 3. Antchito onse pamodzi ndi namulondola akhala 4, ndipo masiku olipira akhala 16. Kunena za chakudya, anthu 6 odya katatu pa tsiku kwa masiku 4 afuna mbale 72. Koma ngati gululo lapangana kuti lidyetsanso antchito ake, odya akhala 10 ndipo mbale zikhala 120.

Ziwerengero zimenezi zikalembedwa, ndipo pamene munthu afunse mitengo. Aifunse ku ofesi ya ku Likhubula ndi kwa anamulondola ovomerezeka, ndipo ikhale mitengo ya chaka chomwecho. Mtengo umene mnzake adalipira dzana sungadalirike, pakuti ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndipo idatsitsidwanso ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023. Ndipo nthawi zonse ziwirizo mitengo ya zoyendera ndi ya zakudya idakwera. Afunsenso ngati njira imene wasankha ili yodutsika, pokumbukira kuti namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 adagumula nthaka ndi miyala m'malo ambiri a ku Mulanje ndi Phalombe. Akale adati safunsa adadya phula.

3. Mizere isanu ya pa pepala

Pepala la ndalama likhale ndi mizere isanu, ndipo uliwonse ukhale ndi chiwerengero chake.

Mzere woyamba ndi wa zoyendera: minibasi yofika ku Chitakale, galimoto kapena kabaza wofika ku Likhubula, ndi zonsezo kawiri, kupita ndi kubwerera. Ochokera kutali, amene sangafike m'mawa, alembenso malo ogona a m'tsinde mwa phiri. Gulu lofuna kutsikira mbali ina, monga ya ku Phalombe, lidziwe kuti ulendo wobwerera udzakhala ndi mtengo wina.

Mzere wachiwiri ndi wa cholowera m'nkhalango ndi wa nyumba zogona. Pa mzere womwewu palembedwe kangachepe kothokoza mlonda wa nyumba iliyonse, amene watema nkhuni ndi kutunga madzi.

Mzere wachitatu ndi wa malipiro a namulondola ndi onyamula katundu. Pangano lichitike poyera, anthu asanasenze kanthu: malipiro a tsiku ndi angati, masiku ndi angati, chakudya adya cha yani, ndipo ngati atsikira kutali ndi kwawo, yobwererera alipira ndani. Nkwabwino kupereka gawo lina poyamba, kuti antchitowo agule kamba wawo ndi kusiya kanthu ku mabanja awo.

Mzere wachinayi ndi wa chakudya. Pano lamulo ndi lakuti cholemera chimalipidwa kawiri, poyamba kwa wogulitsa, kenaka kwa wonyamula. Ufa, mpunga, usipa, mtedza, chiponde, shuga, mchere, masamba a tiyi ndi mafuta pang'ono zimapatsa mphamvu zambiri pa kulemera kochepa; mbatata, chinangwa ndi zakumwa za m'mabotolo zimachulukitsa onyamula. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, pamene m'phirimo muli mitsinje. Kuwiritsa madzi kumeneko nkotsika mtengo kuposa kuwasenza. Nyemba zouma sizithandiza kwenikweni, chifukwa pa mamita 2,000 madzi amawira pa madigiri ngati 93, osati 100, kotero zimachedwa kupsa ndipo zimatha nkhuni.

Mzere wachisanu ndi wa zovala ndi zofunda. Munthu akamakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena 7 pa mamita 1,000 aliwonse; motero wochoka ku Chitakale atavala malaya okha adzapeza kuti pa Sapitwa pakuzizira kuposa kumunsi ndi madigiri ngati 15, osawerengera mphepo. Mu Juni ndi Julaye chisanu chimagwa usiku. Bulangete, juzi, chovala cha mvula, nsapato zogwira pa thanthwe, tochi, machesi ndi mankhwala a zilonda ndi zofunika kwa aliyense. Pa mzere uwu ndi pamene munthu angapulumutse ndalama popanda choopsa, pakuti zambiri mwa izi zingathe kubwerekedwa.

4. Zogawana ndi za munthu payekha

Zolipira zina zimakula gulu likamakula, monga malo ogona ndi chakudya. Zina sizisintha, monga malipiro a namulondola. Anthu 2 akalemba namulondola, aliyense alipira theka; akakhala 6, aliyense alipira gawo limodzi mwa magawo 6. Choncho kuyenda pa gulu kumapeputsa mtengo. Koma pomwepa pali msampha: mmodzi akabwerera m'mbuyo tsiku lonyamuka, gawo lake la zogawana limagwera otsalawo. Gulu lipanganiretu kuti wosiya ulendo mochedwa adzabwezeredwa za chakudya ndi za malo ake ogona, koma za zogawana ayi.

5. Thumba lapadera

Pansi pa mizere isanu ija palembedwe ndalama zina zosakhudzidwa. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumabwera chiperoni, nkhungu yozizira ya mvula yowaza, imene idatenga dzina ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Ikaphimba phiri, munthu saona ngakhale mnzake amene ali patsogolo pang'ono. M'nyengo ya dzinja mitsinje imadzaza mwadzidzidzi, osaoloka. Nthawi zoterezo chanzeru ndi kukhala m'nyumba ndi kudikira. Koma kudikirako kuli ndi mtengo wake. Kwa gulu la m'chitsanzo chija, tsiku limodzi loonjezera ndi malo ogona 6, malipiro a antchito 4, ndi mbale 30. Thumba lapadera, tsono, likwane mtengo wa tsiku lathunthu, ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a zolipira za m'phiri. Ndipo pamwamba pake paikidwe ya galimoto yothamangira ku chipatala wina akathyoka mwendo. Gulu lopanda thumba limeneli limakakamizika kuyenda m'nkhungu, osati chifukwa cha kulimba mtima, koma chifukwa ufa ndi ndalama zatha.

6. Ndalama zikachepa, chodula nchiti?

Kawirikawiri chiwerengero chonse chikaonkhetsedwa chimaposa zimene anthu ali nazo. Apa ndi pamene pagona phunziro lonse. Zodula zilipo: masiku angachepetsedwe; gulu lingathe kusiya Sapitwa ndi kukagona ku Chambe kapena ku Lichenya kokha; achinyamata amphamvu angasenze katundu wawo; ulendo ungakankhidwire chaka cha mawa. Koma pali zinayi zosadula: namulondola, malipiro amene adapanganidwa, chakudya chokwanira, ndi thumba lapadera.

Mu Julaye 2009 mnyamata wina wophunzira bwino wa ku Brazil adasiya namulondola wake nakwera Sapitwa yekha, atavala zopepuka. Nyengo idasintha, iye adasokera, ndipo mtembo wake udapezeka patapita masabata oposa awiri. Chidamupha ndi kuzizira. Phiri silifunsa chifukwa chimene munthu wasiyira wodziwa njira, kaya ndi changu, kaya ndi ndalama.

Kunena za onyamula katundu, iwowa ndi anthu a m'midzi ya m'tsinde mwa phiri, amene ntchito imeneyi imawathandiza kugula feteleza ndi kulipirira ana sukulu. Kuunjika katundu wa anthu awiri pa msana umodzi kuti malipiro achepe, kapena kuyamba kunenerera mtengo ntchito itatha kale, ndi kudya thukuta la mwini. Woyenda amakwera phiri mwa kufuna kwake. Wonyamula amakwera chifukwa cha banja lake. Sichilungamo kuti kulakwitsa masamu kwa woyambayo kulipidwe ndi wachiwiriyo. Walira mvula walira matope.

7. Kusonkha ndi kusunga

Chiwerengero chikadziwika, chigawidwe pa anthu ndi pa miyezi. Kungoyerekeza chabe, zonse zitakwana K600,000 pa anthu 6, aliyense asonkha K100,000. Akayamba kukadali miyezi 5, ndi K20,000 pa mwezi. Pakhale msungichuma ndi mlembi, anthu awiri osiyana, ndi buku limene aliyense angathe kuliona. M'bukumo mulembedwe zokhazo zimene zalandiridwa, osati zolonjezedwa, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pasanathe sabata kuti anyamuke, mitengo ifunsidwenso. Ndalama za m'phiri zinyamulidwe pamanja, zazing'onozing'ono, popeza mlonda wa ku Chisepo sangakhale ndi chenji. Malipiro a antchito akhale m'envulopu yawoyawo. Ndipo zonse zikulungidwe m'pulasitiki ndi kusungidwa ndi anthu awiri, kuti zikatayika zina, zina zitsale. Gulu likabwerera, msungichuma awerenge zonse pamaso pa anzake, ndipo zotsala za thumba lapadera zibwezedwe kwa eni ake.

Mafunso

1. Nchifukwa ninji wowerengera ayenera kuyamba ndi masiku ndi anthu, osati ndi mitengo?
2. Gulu la anthu 8 likagona kanayi m'phiri, lilipira malo ogona angati?
3. Kodi mawu akuti cholemera chimalipidwa kawiri atanthauzanji?
4. Thumba lapadera liyenera kukula bwanji, ndipo ntchito yake ndi yotani?
5. Ndi zinthu zinayi ziti zimene siziyenera kudulidwa ngakhale ndalama zitachepa?