Kuphunzitsa za Mankhwala Oopsa ndi Madzi a ku Chilwa

Aphunzitsi anzanga a ku Songani ndi ku Domasi, mutu wa mankhwala oopsa ndi chilengedwe musauyambire pa bolodi. Yambani ndi funso: madzi a mtsinje wa Domasi akafika ku Chilwa amapita kuti? Ana ena adzati amathira mu Shire. Ayi ndithu. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe imangothiramo, ndipo madzi ambiri amachoka ndi dzuwa. Zimene anasenza m'njira zimatsala momwemo. Mwana akagwira mfundo imeneyi, zina zonse zimayenda.

Kuti aione ndi maso, pemphani munthu wopita kukapikula nsomba ku Kachulu akutungireni botolo la madzi a m'nyanja, makamaka m'chilimwe. Lina tungani mu Domasi. Sefani onse pa kansalu, muthire muyeso wofanana m'mbale ziwiri zakuda, muziike padzuwa. Zikauma, mbale ya ku Chilwa imasiya zoyera za mchere pansi. Thiraninso madzi a ku Chilwa pomwepo, ziumenso, ana aone mcherewo ukuchuluka. Apa ndiye muwakumbutse kuti nyanjayi inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'aluka. Afunseni chimene chimachitikira matemba, makumba ndi milamba madzi akamachepa mchere uli womwewo. Wina asalawe madziwo, ndipo onse asambe m'manja ndi sopo, popeza kolera si wachilendo kunyanjako.

Kusowa labotale kusakhale chifukwa chosayesera asidi ndi alikali. Wiritsani chidede, musefe madzi ake ofiira, mugawe m'makapu. M'kapu ina dontheza mandimu, ina bwemba, ina chidulo, ina madzi a sopo, yomaliza madzi a ku Chilwa. Asidi amawalitsa kufiira, pomwe chidulo chimatembenuza madziwo kukhala obiriwira. Ana alembe okha mtundu umene akuona, kenaka muwatchulire za pH. Mtsikana amene amathira chidulo mu therere tsiku ndi tsiku akazindikira kuti wakhala akugwira alikali chiyambire, mantha ake pa phunziroli amatha pomwepo.

Za feteleza n'zosavuta. Thirani madzi a padamu la nsomba m'mabotolo awiri, limodzi mutsinemo NPK pang'ono, onse pawindo la dzuwa kwa masabata awiri. Lothira fetelezalo limachita ndere zambiri. Fotokozani kuti ndere zikafa n'kumaola zimamaliza mpweya umene nsomba zimapuma, ndipo feteleza wokokoloka m'madimba ndi m'minda ya mpunga amachita zomwezo kumunsi.

Pamene ndikufuna muchedwepo ndi pa mankhwala opopera tomato ndi masamba, chifukwa ana ambiri amawagwira kwawo asanaphunzire n'komwe. Musawatume kubweretsa mabotolo. Jambulani nokha zolembedwa pa mabotolowo ndi foni, kapena muzikopere papepala. Agaweni m'magulu, gulu lililonse lipeze dzina la mankhwala enieni ali m'katimo, muyeso wake, masiku oyenera kudikira musanathyole ndiwo, ndi mzere wa mtundu umene uli m'munsi: wofiira ndiye woopsa kwambiri, kenaka wachikasu, wabuluu, n'kumalizira wobiriwira. Awuzeni kuti mankhwala ovomerezeka amalembetsedwa ndi Pesticides Control Board. Kenaka afunseni za aja ogulitsidwa pamsika m'timapepala ta pulasitiki topanda dzina, monga tameki wa makoswe. Muyeso wake angaudziwe bwanji? Wina akamwa mwangozi, adokotala awauza kuti wamwa chiyani? Asiyeni akangane okha, inu musafulumire kuyankha.

Akatha kukangana, apatseni zochita zake momveka. Botolo lotha litsukidwe katatu, madzi otsukirawo abwerere mu sipuleya, botololo libooledwe kuti wina asadzathiremo thobwa kapena mafuta ophikira. Sipuleya isatsukidwire mumtsinje. Wopopera avale zophimba manja, mphuno ndi miyendo, ndipo asapopere moyang'anizana ndi mphepo. Munthu akamwa mankhwala, musamusanzitse, ndipo mkaka umene anthu amaukhulupirira suchotsa poizoni. Thamangirani naye kuchipatala mutanyamula botololo.

Mabatire a sola ndi a galimoto apatseni mphindi zochepa zokha: muli asidi wootcha ndi mtovu, ndipo mtovu umaononga ubongo wa ana aang'ono. Batire lakufa lisaphwanyidwe pakhomo.

Ntchito yakunyumba ikhale mapu. Mwana aliyense ajambule njira ya madzi a mvula kuchokera pakhomo pawo mpaka kumtsinje wapafupi, alembe dimba, dzala, chimbudzi ndi malo ochapira amene madziwo amadutsa. Lolemba mukhome mapu onse pakhoma, muwalumikize ndi choko mpaka akafike ku Chilwa.