Kapimidwe ka Phewa Lovulala

Mwa mfundo zonse zazikulu za m'thupi, phewa ndilo limene limaguluka kawirikawiri, pakuti mutu wa fupa la mkono umakhala m'kambale kosaya, ndipo zougwira ndi minofu ndi mitsempha chabe. Munthu akagwa pa njinga natsamira dzanja, phewa lingathe kuguluka, fupa lingathyoke, kapena mnofu ungang'ambike. Mavuto atatuwa amapweteka mofanana, koma chithandizo chake nchosiyana.

Dokotala asanajambule X-ray amayamba ndi maso. Amavula wodwala malaya nayerekeza mapewa onse awiri. Phewa loguluka silikhalanso lobulungira, limaoneka ngati ngodya ya tebulo. Kenaka amayendetsa zala pa fupa lopingasa la m'munsi mwa khosi, limene limathyoka kwambiri chapakati.

Pali njira ina yakale ya Louis Dugas wa ku America: wodwala aike dzanja la mkono wovulalawo pa phewa linalo, chigongono chitakhudza chifuwa. Woguluka phewa sangathe. Koma ngati dokotala akweza mkono cham'mbali mosavuta, ndipo pousiya wodwala alephera kuutsitsa pang'onopang'ono, ungogwa, ndiye kuti mnofu wokweza mkono wang'ambika. Ernest Codman wa ku Boston, amene analemba buku la matenda a phewa mu 1934, ndiye anaphunzitsa zimenezi.

Tsono dokotala amamva kugunda kwa magazi pa dzanja, nakhudzanso khungu la kunja kwa mkono, m'munsi pang'ono mwa phewa. Pakakhala dzanzi pamenepo, mtsempha wodutsa m'khwapa waphwetekedwa. Nchifukwa chake anthu a pamudzi asamakoke mkono wa mnzawo ataponda chidendene m'khwapa. Njirayi njakalekale, ya m'masiku a Hippocrates, koma imaononga mitsempha, ndipo ngati fupa linali lothyoka, kukokako kumaonjezera ngozi. Chofunika ndi kukoleka mkono pa nsalu yomangidwa m'khosi ndi kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo, popeza phewa likakhalitsa kunja limavuta kubwezera.

Nthawi zina phewa lakumanzere limapweteka pamene likuyenda bwinobwino. Wotereyu, ngati anamenyetsa nthiti pogwa, nakhala wofooka ndi wotuluka thukuta lozizira, mwina kapamba wake waphulika ndipo magazi akutayikira m'mimba, makamaka ngati kapambayo anali wotupa ndi malungo. Ameneyo anyamulidwe msanga, asayende yekha.