Kodi Mapanga Awiri Sativumbwitsa?

Funso: Akulu, pano pa Lirangwe timaona magalimoto a katundu ochokera kuchipata cha Mwanza, ndipo ndamva kuti dziko lathu lili mu bungwe la SADC ndi mu la COMESA momwe. Kodi mapanga awiri sativumbwitsa?
Wamalonda a nandolo, Lirangwe

Yankho: Mwafunsa mwanzeru, bambo. Ngakhale pangano la COMESA linakhazikitsidwa ku Lilongwe konkuno mu 1994, sitingathe kufulatira SADC, pakuti Mozambique, mwini madoko a Beira ndi Nacala amene ali khomo lathu la kunyanja, anatuluka mu COMESA, Tanzania nayenso anatero mu 2000, ndipo South Africa, kumene timagula katundu wochuluka, sanalowemo ndi kale lomwe, pamene onsewa ali mu SADC; komatu Egypt, wogula fodya wathu, timakumana naye mu COMESA, osati mu SADC.

Mvula imene ingakuvumbweni ndi ya zikalata, popeza bungwe lililonse lili ndi malamulo akeake otsimikizira kumene katundu wachokera, ndipo iye wofika pachipata wopanda chikalata choyenera alipira msonkho wonse monga mlendo. Chotero musanakweze matumba, yambani mwafunsa a bungwe lotolera misonkho la MRA pangano limene ulendo wanu uyendere.