Besi yochokera pageti

Inu a kwaya ndi a gulu la matamando, takhalani pansi kaye, kiyibodiyo siithawa.

Kuno ku Namiwawa nyimbo imadumpha mpanda, koma munthu sadumpha. Ine ndinazindikira zimenezi imvi zitayamba kale. Chaka china mapemphero a mlaga ankachitikira kwathu. Magalimoto ankandanda mumsewu, ife tili phee pamasofa, buku la Nyimbo za Mulungu m'manja. Tsiku lina magetsi anazima, kiyibodi nayo zii. Apo m'pamene tinamva besi ikuchokera panja, yokhazikika kuposa ya aliyense wa ife. Anali mlonda wathu, bambo wa ku Chilomoni, ali pageti ndi tochi yake. Nyimbo zonse ankazidziwa pamtima. Miyezi yonseyo ankatitsegulira geti, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati, "Madala, tabwerani tipemphere." Mayi wogwira ntchito m'nyumba naye ankangolowa ndi tiyi tikanena ameni.

Nditapita kukawaitana madalawo, anati, "Ayi bwana, ine pompano pali bwino." Sindinawaimbe mlandu. Ndani angakhale momasuka pasofa ya munthu amene m'mawa mwake amukalipira chifukwa chosinza? Kuitana kwanga kwa madzulo kunkafafanizidwa ndi pakamwa panga pa m'mawa.

Tsiku lina mukadzadutsa ku HHI, mudzaime pa tchalitchi cha St Michael and All Angels. Anachimanga kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi Mbusa David Clement Scott pamodzi ndi anthu akuno, amene anaumba ndi kuwotcha njerwa zake pafupi pomwepo. Scott sanaphunzire zomangamanga, ndipo alendo amadabwa ndi zimenezo. Ine chimandigwira mtima ndi china. Munthu uja anaumirira kuti mzungu ndi munthu wakuda azipembedza m'nyumba imodzi, ngakhale azungu ena a minda ndi a malonda ankaipidwa nazo. Anatcheranso khutu ku chilankhulo cha eni dera mpaka anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892. Ankafuna kuti wolowa pakhomo paja amve Mulungu akuyankhula ngati wa kwawo.

Tsono inu nyimbo zanu zachingerezi za pa YouTube sindikuzikana, zina ine ndemwe ndimazing'ung'udza posamba. Koma mukaimba zisanu motsatizana, kwezani maso muone kumbuyo. Kuli mayi amene wabwera ndi ana a abwana ake, milomo ili chitsekere. Si kuti ndi wouma mtima, mwamusiya panjira. Paulo anawadzudzula Akorinto pa nkhani yomweyi, m'chaputala 14 cha kalata yake yoyamba: mlendo akalowa n'kupeza mukunena zimene sakumva, adzayesa kuti mitu yanu yazungulira, pamene akanamva akanagwada n'kuvomereza kuti Mulungu ali pakati panu.

Masipika nawo muziwatsitsa. Mpingo ukasiya kudzimva wokha umasiyanso kuimba, umangoonerera inu. Wodwala amene wagona kuseri kwa mpanda saitanidwa ndi phokoso la usiku wonse, amangotukwana chamumtima. Ndipo mlendo musamamuimiritse kutsogolo kuti anene dzina, kumene amakhala ndi ntchito yake. Kuno funso loti "mumakhala kuti?" ndi sikelo, aliyense amadziwa. Ingosendererani pabenchi, mumutsegulire nyimbo, mugwire naye buku limodzi.

Madala aja anadzalowa patapita milungu itatu, ine nditaphunzira kuwapatsa moni m'mawa ndisanayambe kufunsa za agalu. Anavula chipewa n'kukhala m'mphepete mwenimweni mwa mpando. Amayi ena a Mvano anawapempha kuti ayambitse nyimbo. Anaiyamba chapansipansi, mmene ankaiimbira azigogo athu, ndipo ndinaona bwana wina wa kubanki akupukuta magalasi ake nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

Tili pakati pa vesi lachiwiri, hutala inalira panja. Madala anadzambatuka. Ndinawagwira paphewa, n'kutenga tochi yawo, ndipo ndinapita kukatsegula geti ndekha. Loko wake anandivuta, chifukwa ndinali ndisanamugwirepo.