Musathamangire Kufomata Laputopu Yanu

Laputopu yanga ndi Dell Latitude E5470. Malume anandigulira pa shopu ina m'tauni pamene ndinkabwera kudzayamba chaka choyamba, ndipo wogulitsayo anawatsimikizira kuti zonse zilimo: Windows, Office, antivairasi, mpaka nyimbo za makwaya anaikamo ngati banyira. Patatha milungu itatu inayamba kutenga mphindi khumi kuti iyake. Mnzanga wa m'chipinda anandipatsa mankhwala amene tonse timapatsana kuhositelo: "Aise, ingofomata basi." Ndinaipereka kwa wokonza wina, ndinalipira, inabwera ikuthamanga. Koma foda ya manotsi a Educational Psychology a theka la semesita inapita ndi mphepo, ndipo mwezi usanathe ulesi uja unabwerera. Chifukwa chake ndinachidziwa mochedwa: wokonzayo anabwezeramo mapulogalamu omwe aja amene anayambitsa vutolo.

M'kalasi timaphunzitsidwa kuti mwana akamalephera samu zogawa, mphunzitsi asayambe ndi kumubwereza silabasi yonse. Ayambe wafufuza pamene pakukanika, pakuti mwina vuto lili pa kuchotsera. Laputopu nayo imafuna mphunzitsi wotero. Kufomata ndi kubwereza kalasi yonse, ndipo kumafufuta umboni umene ukanakuuzani chimene chinalakwika.

Musanakhudze kalikonse, sungani mafayilo anu kwina. Izi sizodikira kuti laputopu idwale. Asayimenti iliyonse ikhale m'malo atatu: mu laputopu, mu fulashi, ndi pa intaneti. Akaunti ya Google imabwera ndi malo aulere okwana 15 GB, ndipo ngakhale kudzitumizira nokha fayilo pa imelo n'kokwanira. Kenako lembani chimene laputopu ikuchita: imavuta nthawi yanji, mukatsegula chiyani, ndipo pa sikirini pamalembedwa mawu otani. Jambulani uthengawo ndi foni. "Yangofa" si chizindikiro chimene munthu angakuthandizeni nacho.

Ikamachedwa

Dinani mabatani atatu pamodzi: Ctrl, Shift ndi Esc. Patseguka Task Manager. Pamenepo muona mizati ya CPU, Memory ndi Disk, ndipo mukadina pamutu pa mzati uliwonse, pulogalamu imene ikudya kwambiri imakwera pamwamba. Kenako pitani pa Startup. Uwu ndi mndandanda wa mapulogalamu amene amadzuka okha laputopu ikangoyaka. Pa yanga panali khumi ndi anayi, ambiri a iwo sindinawatsegulepo chibadwire. Amene mukuwadziwa ndipo simukuwafuna m'mawa uliwonse, adineni n'kusankha Disable. Kuchita zimenezi sikuwafufuta, kumangowauza kuti adikire kuitanidwa. Amene simukuwadziwa, yambani mwafufuza dzina lake pa intaneti.

Chachiwiri yang'anani ma antivairasi. Ogulitsa ena amaika awiri kuti wogula aone ngati wapeza zambiri. Atambala awiri salira m'khola limodzi: aliyense amafufuza fayilo yomweyo, wina kufufuzanso mnzake, laputopu n'kumapuma wefuwefu. Windows 10 ndi Windows 11 zimabwera ndi mlonda wake, Microsoft Defender, amene amapatuka mukaika wina. Kwa wophunzira ngati ine ndi inu ameneyu ndi wokwanira. Chotsani enawo kudzera pa Settings, Apps, yatsaninso laputopu, kenako tsegulani Windows Security muone ngati zizindikiro zonse zili zobiriwira.

Pali malire a zimene mapulogalamu angakonze. Ngati Memory ndi 4 GB ndipo mwatsegula masamba makumi awiri mu Chrome, vuto si laputopu. Ndipo ngati mzati wa Disk umangokhala pa 100% mutachotsa zonsezi, pitani pa Performance muone ngati disiki yanu yalembedwa HDD kapena SSD. HDD ili ndi mbale yozungulira mkati ndipo ndi yochedwa mwachibadwa. Ndalama imene mukanalipira kufomata kachitatu ndi bwino kuisunga kuti mudzagule SSD.

Tizinthu tiwiri timene timaopsa chabe

Malaputopu ena ogwiritsidwapo kale ntchito amachokera ku Britain kapena ku America, ndipo makiyibodi a maiko awiriwa amasiyana pang'ono. Mukadina @ n'kutuluka zizindikiro zogwira mawu, kiyibodi sinafe. Windows ikuganiza kuti muli ndi ya dziko linalo. Dinani batani la Windows pamodzi ndi Space musinthe pakati pa UK ndi US; ngati pali imodzi yokha, onjezerani inayo pa Settings, Time & Language.

China ndi tsiku. Intaneti ilipo, koma tsamba lililonse likukana kutseguka, likunena kuti kulumikizana kwanu si kotetezeka. Yang'anani pakona ya kumunsi kudzanja lamanja. Ngati laputopu ikuti tili m'chaka cha 2016, ndiye gwero lake: masamba otetezeka ali ndi ziphaso zokhala ndi masiku, ndipo kompyuta yosokonekera tsiku imaziona ngati zabodza. Konzani tsiku ndi nthawi, ndipo pa time zone sankhani Harare, Pretoria, pakuti nthawi yake ndi yofanana ndi yathu. Tsiku likamabwerera m'mbuyo nthawi zonse mukazimitsa, kabatire kakang'ono kozungulira kamene kamasunga wotchi mkatimo katha mphamvu. Ndi kotsika mtengo, koma kusintha kwake kumafuna wodziwa kutsegula.

Fulashi yobwera ndi mlendo

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ndaona anthu akulira misozi yeniyeni. Mwalemba ma lesson plan a TP, mwapita nawo kokapulinta, mwabwerako. Mukutsegula fulashi mukupeza mafoda onse asanduka ma shortcut, tizithunzi tokhala ndi kamuvi pakona. Ambiri amaganiza kuti ntchito yatha, ena amafomata fulashiyo pompo. Chonde musatero. Vairasi imeneyi kawirikawiri sifufuta mafayilo. Imawabisa, n'kuika ma shortcut m'malo mwake, kuti inu mukadina, iyo ilowe mu laputopu yanu ndi kudikira fulashi ya mnzanu.

Choncho musadine shortcut iliyonse. Dinani fulashiyo ndi batani la kumanja la mausi, sankhani kuti Defender aifufuze, ndipo achotse chimene wapeza. Onani chilembo chimene Windows yaipatsa fulashiyo; tinene kuti ndi E. Pa Start lembani cmd, tsegulani, ndipo pa bolodi lakuda limene lituluke lembani ndendende mzere uwu, kenako Enter:

attrib -h -r -s /s /d E:\*.*

Si matsenga ayi. Vairasi inamata zizindikiro zitatu pa mafayilo anu: h yonena kuti abisike, r yonena kuti asasinthidwe, ndi s yonena kuti ndi a Windows yeniyeniyo, munthu asawaone. Kachizindikiro kochotsera kutsogolo kwa chilembo chilichonse kakumatula chizindikirocho. Ndipo /s ndi /d zikuuza kompyuta kuti ilowe m'mafoda onse, osati pakhomo pokha. Chenjerani ndi chilembo: ngati fulashi yanu ndi F, lembani F, ndipo musalembe C. Mukatsegulanso fulashi mupeza mafayilo anu, nthawi zina ali mu foda yopanda dzina. Akopereni mu laputopu, ndipo tsopano mutha kuifomata fulashiyo. Mukaona kuti fulashi iliyonse imene mwalowetsa ikudwala chimodzimodzi, ndiye kuti vairasi yamanga kale nyumba mu laputopu. Pa Windows Security sankhani Microsoft Defender Offline scan, imene imazimitsa kompyuta ndi kufufuza Windows isanadzuke.

Ine masiku ano ndili ndi fulashi yapadera yopita nayo kokapulinta, ndipo m'menemo simugona kanthu. Ndimasandutsa ntchito yanga kukhala PDF, imenenso siisokonekera mizere ikatsegulidwa pa kompyuta ya wina.

Wi-Fi kapena mawu zikasowa

Kawirikawiri ndi madalaivala, timapulogalamu timene timamasulira pakati pa Windows ndi ziwalo za laputopu. Dinani Start ndi batani la kumanja, sankhani Device Manager. Chiwalo chopanda dalaivala chimakhala ndi kachizindikiro kachikasu. Tembenuzani laputopu: ya Dell ili ndi nambala yotchedwa Service Tag, za HP ndi Lenovo zili ndi serial number. Lembani nambalayo pa tsamba la kampani imene inapanga laputopuyo, ndipo likupatsani madalaivala ake enieni, aulere. Mufunsa kuti, nanga ndilowa bwanji pa intaneti Wi-Fi palibe? Lumikizani foni ndi chingwe n'kuyatsa USB tethering. Mapulogalamu olonjeza kukonza madalaivala onse ndi kudina kumodzi apeweni. Ambiri amabwera ndi zotsatsa malonda zosatha.

Windows ikamachita zachilendo, monga Start kukana kutseguka, tsegulani cmd ija posankha Run as administrator, lembani sfc /scannow, ndipo dikirani. Imafufuza mafayilo a Windows owonongeka ndi kuwabwezeretsa. Ponena za bandulo imene imatha musanatsegule ngakhale tsamba limodzi: pa Settings, Network & Internet, tsegulani Wi-Fi ya foni yanu n'kuyatsa metered connection. Ma update aakulu adzadikira mpaka mutalumikiza Wi-Fi ya pasukulu. Musawatseke kotheratu, ndiwo amatseka mipata imene mavairasi amalowera.

Za mapulogalamu okiraka

Nkhani iyi timaizemba. Office imene wogulitsa anandiikira inali yokiraka, ndipo kapulogalamu kamene kankainamiza kuti ndi yogulidwa kankafuna kuti antivairasi azimitsidwe kaye. Taganizani: mlendo akukuuzani kuti mumange galu asanalowe. Mapulogalamu otere ndi khomo lodziwika la mavairasi, ndipo mu laputopu momwemo ndi momwe timalemba mapasiwedi a imelo ndi a potali ya sukulu.

Palinso mbali ina. Ine sindine m'busa, ndipo ndikudziwa mmene thumba la wophunzira lilili. Koma ife amene tinaloweza Eksodo 20 tili ku Pathfinder timalimbikira lamulo lachinayi n'kumadutsa mwakachetechete pa lachisanu ndi chitatu tikafika pa nkhani ya mapulogalamu. Zikanakhala zovuta kukanakhala kuti palibe njira ina, koma ilipo. LibreOffice ndi yaulere mwalamulo, imagwira popanda intaneti, ndipo imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word, Excel ndi PowerPoint. Nthawi zina matebulo amasuntha pang'ono, n'chifukwa chake ndimapereka PDF pamene aphunzitsi alola. Ndalemba nayo ma asayimenti a masemesita awiri ndipo palibe amene anandibwezera.

Windows nayo mwina muli nayo kale yovomerezeka osadziwa. Kuyambira nthawi ya Windows 8, makampani ambiri amasunga layisensi mkati mwa laputopu momwemo. Mukaika mtundu umene inabwera nawo, Home kapena Pro, imadzivomereza yokha ikangolumikizidwa pa intaneti. Yanga inatero, kutanthauza kuti kukiraka konse kuja kunali kopanda ntchito.

Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula chaka chimodzi chowonjezera cha ma update a chitetezo kwa olembetsa. Windows 11 imafuna TPM 2.0, ndipo purosesa ikakhala ya Intel iyenera kukhala ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. Pa malaputopu akalewa m'badwo umaoneka pa nambala yoyamba: i5-8250U ndi wachisanu ndi chitatu, pamene yanga, i5-6300U, ndi wachisanu ndi chimodzi, ndipo siyenerera. Amene tili m'gulu limeneli tiyambe kuizolowera Linux Mint. Ndi yaulere, ndi yopepuka, imabwera ndi LibreOffice, ndipo mutha kuiyesa kuchokera pa fulashi osafufuta chilichonse.

Nanga kufomata kulibe nthawi yake? Ilipo, ndipo yabwino koposa ndi tsiku limene mwagula, musanaikemo fayilo ngakhale imodzi, pakuti simudziwa zimene mwini wake wakale kapena wogulitsa anasiyamo. Muli pa shopu pomwepo, musanalipire, pemphani kuti akutsegulireni BIOS. Ikafunsa pasiwedi imene wogulitsayo sakuidziwa, isiyeni, chifukwa kufomata sikuchotsa pasiwedi imeneyo. Mukafika nayo, tengani fulashi ya 8 GB yopanda kanthu, koperani Windows kuchokera pa tsamba la Microsoft pogwiritsa ntchito Media Creation Tool, ndipo ikani nokha kapena khalani pambali pa amene akukuikirani, mukuona chilichonse chimene chikulowa.

Sankhaninso tsiku. Ine ndinayamba ntchitoyi Lachisanu cha m'ma 3 koloko, ndikuganiza kuti ndi ya ola limodzi. Belu la mapemphero otsegulira Sabata linalira ma update ali pa 61%, pa sikirini palembedwa kuti musazimitse. Ndinaisiya pachaja n'kupita kutchalitchi, magetsi anathima, batire lokalamba lija linafa, ndipo Lamlungu m'mawa ndinayambiranso poyambirira. Yambani Lamlungu m'mawa, batire litadzaza, mafayilo anu ali kale mu fulashi ina.