ZA KUSANKHA NJOKA YOWETA

Ife kuno tiweta nkhuku, mbuzi, nkhunda, agaru ndi amphaka, koma njoka tiiopa. Ndipo tiyenera kuiopa ndithu, pakuti mphiri ndi mamba zapha anthu ambiri. Koma ku maiko ena, monga ku America ndi ku England, kuli anthu amene aweta njoka m'nyumba zao. Saziweta kuti azidye, kapena kuti acite nazo zamatsenga iai. Angokondwera kupenya maanga ace ndi mayendedwe ace. Aziika m'bokosi la magalasi lotsekeka bwino, naikamo madzi, ndi pobisalira, ndi kacipangizo kotenthetsa mbali imodzi ya bokosilo, cifukwa thupi la njoka liribe kutentha kwa ilo lokha monga thupi lathu. Njoka zoyenera kuwetedwa cotero ndizo zopanda ululu, zimene zinabadwira kwa oweta, zosagwidwa kuthengo.

Munthu wofuna kubzala mtengo pakhomo ayamba wafunsa kuti mtengowo udzakula motani. Mbande ya papaya ndi mbande ya mlambe zonse zikwana m'dzanja limodzi, koma wobzala mlambe pafupi ndi khonde adzaona nyumba yace irikugumuka. Momwemonso wosankha njoka. Asayang'ane msinkhu wace wa lero, koma afunse, Kodi kanjoka aka kadzafika pati katakula? Ambiri analephera kufunsa funso ili, ndipo mabvuto amene anatsata ndi akuru.

Ku Burma ndi ku maiko oyandikana nako kuli nsato ina ya maanga okongola. Poswedwa m'dzira, utali wace uli ngati mapazi 2 okha (phazi limodzi ndilo masentimita 30). Amalonda anatengera ana a nsato iyi ambirimbiri ku America, ndipo anthu anawagula mokondwa, poona kuti ali ofatsa ndi a mtengo wocepa. Koma akuru anati, Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Zitapita zaka zowerengeka, kanjoka kaja kamene kanadya mbewa kanasanduka cinjoka ca mapazi 12 kapena 16, cofuna kalulu wamphumphu, cosatheka kunyamulidwa ndi munthu mmodzi. Bokosi linacepa, ndalama za cakudya zinacuruka, ndipo eni ace anayamba kucita mantha cifukwa ca ana ao. Pamenepo ena anatenga nsato zao nakazitaya kuthengo.

Kumwera kwa dziko la Florida kuli dambo lalikuru lochedwa Everglades. Kumeneko kuli kofunda ndi kwa madzi ambiri, monga kwao kwa nsatozo. Cifukwa cace zimene zinatayidwa ndi zimene zinathawa sizinafa, koma zinaswana. Zinadya akalulu a m'dambo, mbalame, ndi tinyama tina tambiri, kufikira kuti m'madera ena tinyamato tinayamba kusowa. Zina zinameza ngakhale agwape ndi ng'ona za kumeneko. M'caka ca 2012 boma la United States linaletsa kulowetsa nsato za mtundu uwu m'dzikomo, ndipo kuyambira 2013 ku Florida kucitika mipikisano ya kusaka nsato. M'caka ca 2023 osaka anagwira imodzi ya mapazi 19. Koma kuzitha zonse kwakanika kufikira lero. Taonani cimene cinaturuka m'kugula kanthu kakang'ono kosaganizira mawa.

Tsono oweta anzeru asankha mitundu imene ikhala yaing'ono masiku ace onse. Tichule inai.

Woyamba ndi umene Angerezi aucha corn snake, ndiko kunena njoka ya cimanga. Kwao ndi kum'mwera cakum'mawa kwa United States, kumene ipezeka pafupi ndi nkhokwe irikusaka mbewa ndi makoswe. Iri ndi maanga ofiira pamsana, ndipo pamimba pace pali mabanga akuda ndi oyera. Ikakula ifika mapazi 4 kapena 5, koma iri yoonda ndi yopepuka. Idya mbewa imodzi pa sabata kapena pa masiku 10, ndipo siifulumira kuluma. Cifukwa ca ici ambiri ayesa kuti ndiyo yoyenera munthu woyamba kumene. Bvuto lace ndi limodzi: idziwa kupeza kampata kali konse, ndipo mwini akapanda kutseka bwino, m'mawa adzapeza bokosi lopanda kanthu.

Waciwiri ndi nsato yaing'ono ya ku Ghana, Togo ndi Benin, yochedwa ball python, cifukwa ikaopa idzikulunga ngati mpira, nibisa mutu wace pakati. Ndiyo mbale wace wa nsato yathu, koma utali wace ndi mapazi 3 kufikira 5 basi. Ifuna kutentha ndi cinyezi cokwanira kuti ifundule bwino, ndipo nthawi zina ikana kudya miyezi ingapo, cimene cidetsa nkhawa oweta osazolowera.

Wacitatu ndi Kenyan sand boa, wa m'maiko a mcenga a ku Kenya ndi kumpoto kwace. Yaimuna siifika mapazi 2, ndipo yaikazi ipitirirako pang'ono. Ikonda kudzikwirira mumcenga, kusiya maso ndi mphuno zokha kunja, kulindira cakudya. Siiikira mazira, koma ibala ana amoyo. Wofuna njoka yoti aziipenya tsiku lonse adzagwiritsidwa mwala, pakuti iyi ikhala yobisala nthawi zambiri.

Wacinai ndi rosy boa, wa m'zipululu za ku California, Arizona ndi Mexico. Ifika mapazi 2 kapena 3, iyenda pang'onopang'ono, ndipo ifuna malo ouma.

Koma kucepa kwa thupi sikunena kuti nchito iri yocepa. Njoka ya cimanga yosungidwa bwino ikhala ndi moyo zaka 15 kapena 20, ndipo ball python ikhoza kupitirira zaka 30. Mnyamata woigula ali pa sukulu adzakwatira, nadzabala ana, njoka ikali m'nyumba kufuna mbewa zace. Cifukwa cace wogula adzifunse mafunso awa: Kodi idzakula motani? Idzadya ciani, ndipo cakudyaco ndidzacipeza kuti caka ndi caka? Kodi a m'nyumba mwanga abvomera? Kodi lamulo la dziko lilola? Ndikadwala kapena kusamuka, adzaisunga ndani? Ayeneranso kusamba m'manja ndi sopo atatha kuigwira, pakuti pa khungu la njoka ndi m'bokosi mwace mukhala tizirombo tosaoneka todwalitsa m'mimba.

Ndipo inu ana, musayese kuti phunziro ili likulolani kutola tinjoka kuthengo. Njoka za kwathu sizinasankhidwa ndi munthu wozidziwa. Mwana wa mphiri ali ndi ululu kuyambira tsiku la kubadwa kwace. Palinso kanjoka kakuda kokhala pansi pa nthaka, kamene katuruka mvula itagwa. Kaoneka ngati kopanda cifukwa, koma kabaya ndi dzino lace cam'mbali ngakhale munthu atakagwira pakhosi, ndipo ena aduka naco cala. Mukaona njoka, patukani, nimuuze akuru.

Zamoyo zonse ndi za Mulungu amene anazilenga, ndipo munthu wotenga cimodzi ca izo kuciika m'nyumba mwace wadzisenzetsa katundu amene sayenera kumtula panjira. Cingakhale njoka, kapena kamwana ka garu, kapena thole, nkwabwino kucikana pa tsiku loyamba kusiyana ndi kucitaya citakula.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji oweta njoka aika cotenthetsa m'bokosi?
2. Nsato za ku Burma zinafika bwanji m'dambo la Everglades, ndipo zinacitamo ciani?
3. Chulani mitundu inai ya njoka zazing'ono, ndi kwao kwa mtundu uli wonse.
4. Lembani mafunso amene munthu ayenera kudzifunsa asanatenge ciweto ciri conse.